Foni yadzaza, gulu la ukwati lasanduka msika: tiyambire pati?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre: "Mng'ono wanga akukwatiwa mu Okutobala, ndipo abale anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya ukwati. Tinatsegula gulu la pa WhatsApp lomwe tsopano lili ndi anthu 90, koma m'malo motithandiza likutisokoneza. Foni yanga ikungonena kuti yadzaza, bandulo ikutha msanga, mauthenga ofunika akukwiririka m'mavidiyo ndi moni wa m'mawa, ndipo anthu ena akuti anatumiza ndalama zomwe msungichuma sakuziona. Achimwene athu ali ku Johannesburg ndipo akufuna kumva chilichonse. Amalume athu, omwe ndi nkhoswe, ali kumudzi ku Dedza ndi kafoni ka mabatani, ndipo akhumudwa kuti zinthu akumazimva mochedwa. Kodi ndigule foni ina, kapena pali chimene tikulakwitsa?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Foni ina musagule, chifukwa ndalama imeneyo ikhoza kulipira tenti kapena matumba a mpunga, ndipo foni yatsopanoyo ikalowa m'gulu lomwelo idzadzaza monga yadzazira iyi. Ndakhala ndikukonza mafoni ndi kuphunzitsa anthu kagwiritsidwe ntchito kake kwa zaka zambiri, ndakhalaponso mlembi ndi msungichuma m'makomiti a maukwati a kwathu, ndipo chimene ndaona n'chakuti vuto lalikulu silikhala m'foni. Mwasenzetsa gulu limodzi ntchito zitatu zosayenera kugona m'nyumba imodzi, zomwe ndi kulengeza nkhani, kusunga kaundula wa ndalama, ndi kugamula nkhani za banja. Ntchito yoyambayo foni imaikwanitsa bwino, yachiwiri imangoithandizira, koma yachitatu si yake m'pang'ono pomwe.

Ndiyambe ndi amalume anu, ngakhale inu mwawatchula kumapeto, chifukwa pa zonse mwalembazi nkhani yawo ndiyo ingagwedeze ukwati. Pachikhalidwe chathu ukwati umamangidwa ndi ankhoswe. Ndi iwo amene amalandira mawu a akuchimuna, ndi iwo amene pachinkhoswe amasinthana tambala ndi msoti pamaso pa anthu, ndipo banjalo likadzayamba kumva kutentha zaka zikubwerazi, odzutsidwa usiku adzakhala iwo, pamene ife a komiti tidzakhala titaiwala kale mtundu wa nsalu imene tinavala. Lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 nalonso limazindikira ukwati wa pachikhalidwe mofanana ndi wa kutchalitchi kapena wa kwa DC, kotero udindo wa nkhoswe si wongokometsera mwambo. Komiti imafufuza mitengo ya holo, imasonkhetsa ndalama, imapeza ophika, koma tsiku, malo ndi zonse zokhudza mbali ya akuchimuna ziyenera kumveka kwa nkhoswe zisanalembedwe pagulu.

Ndinaziona ndi maso pa ukwati wa msuweni wanga. Achinyamata a m'tauni, pofuna kufulumiza zinthu, anaika kavoti pa WhatsApp kuti anthu asankhe Loweruka la chinkhoswe, ndipo pofika madzulo tsiku linali litapezeka, aliyense akuyamikira kuti zayenda mwachangu. Nkhoswe wathu anaimva nkhaniyo patapita masiku anayi, kuchigayo, kwa mtsikana wina amene anaiona pa foni ya mlamu wake. Titawaimbira sanakalipe. Anangofunsa kuti popeza tamaliza kale, iwo tikuwafuniranji, kenako anati batire yatha. Zinatengera anthu awiri kukwera basi atanyamula shuga ndi sopo, kukakhala pamkeka tsiku lathunthu, kuti tsiku lomwelo limene linasankhidwa pafoni litulukenso pakamwa pa mwini wake. Inunso, ngati n'kotheka, Loweruka lino mukwere basi ku Wenela mukawaone ku Dedza, mutatenga kope la komiti, mukawawerengere zonse kuyambira tsamba loyamba.

Mukabwerako, musankhe munthu mmodzi yekha, makamaka amene amalumewo amagwirizana naye, kuti ndiye aziwaimbira, ndipo mupangane nawo tsiku ndi ola. Izi n'zofunika chifukwa foni ya kumudzi sikhala yoyatsa tsiku lonse. Imakatchajidwa ku tiredingi senta kapena pa sola ya mnansi, imazimitsidwa posunga moto, ndipo m'midzi ina netiweki imagwira pamalo amodzi okha, mwina pachulu kapena kuseri kwa tchalitchi. Munthu akadziwa kuti Lachitatu lililonse 5 koloko madzulo aimbiridwa, amayatsa foni n'kukaima pamalopo. Musawafulashe kuti aimbe ndi iwo, ndipo muziwatumizira mayunitsi pang'ono kuti nawonso akakhala ndi mawu asasowe poyambira. Mukamaliza kulankhula, tsiku, malo ndi kuchuluka kwa ndalama muzitumize pa SMS kuti mdzukulu adzawawerengere akafuna kukumbukira. Apa pali kanthu kamene ambiri sakukadziwa. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe, koma mukangoikamo kachithunzi kakumwetulira kaja, kapena chilembo cha ŵ chokhala ndi kadenga monga m'dzina lakuti Malaŵi, malirewo amatsika kufika pa zilembo 70, ndipo uthengawo umadulidwa zidutswa zingapo zimene mumalipira chilichonse pachokha. Pa kafoni ka mabatani zidutswazo nthawi zina zimafika mosemphana kapena china chimatsalira m'njira, ndipo tizithunzi tija timaoneka ngati timabokosi topanda kanthu. Choncho lembani mwachidule, m'zilembo wamba.

Tsopano gulu lija la anthu 90. WhatsApp imalola anthu okwana 1,024 m'gulu limodzi, koma kukula kwa bwalo sikutanthauza kuti msonkhano wa komiti uchitikire pamsika. Gawani pawiri. Gulu lalikulu likhale la zolengeza zokha: dinani dzina la gulu pamwamba, lowani pa Group permissions, ndipo muzimitse Send messages kuti azilemba ndi maadimini okha, omwe akhale inu, wapampando ndi msungichuma. Pomwepo muyatsenso Approve new members kuti munthu wosadziwika asamangolowa chifukwa chakuti wapatsidwa linki. Gulu lachiwiri likhale la komiti yeniyeni, anthu khumi kapena ocheperapo, pamodzi ndi oimira akuchimuna amene ankhoswe a mbali zonse avomereza. Ena adzadandaula kuti mwawatseka pakamwa, ndipo azakhali ena adzakuimbirani kukukumbutsani kuti gulu la banja silikhala ndi loko. Ayankheni mwaulemu kuti amene ali ndi maganizo aimbire wapampando, kapena muzitsegula gululo Lamulungu madzulo kwa maola awiri. Moni wa m'mawa ndi mavesi si zoipa ayi, koma zili ndi gulu lake la banja, limene linalipo ukwatiwu usanayambe kukambidwa.

Zinthu zosasintha, monga tsiku, tchalitchi, holo, nthawi ndi nambala yolandirira ndalama, muzilembe pamalo ofotokozera gulu, pansi pa dzina lake, kuti wofunsa muzingomulozera pamenepo. Uthenga wofunika mukhoza kuukhomera pamwamba pogwiritsa ntchito Pin, ndipo umakhalapo maola 24, masiku 7 kapena masiku 30 malinga ndi mmene mwasankhira, pomwe mukalakwitsa polemba muli ndi mphindi 15 zoti mukonze. Mauthenga a mawu ndili nawo dandaulo. Ndi abwino kwa akuluakulu amene maso afooka kapena kuwerenga kumawavuta, koma sangafufuzidwe. Munthu amajambula mawu mphindi zisanu, kuyamba ndi moni, matenda a mwana ndi kukwera kwa mtengo wa chimanga, mtengo wa tenti n'kuutchula m'mphindi yachinayi, ndipo pakapita sabata palibe amene angaupeze popanda kumvetseranso zonse. Komiti igwirizane kuti chilichonse chokhala ndi nambala chizilembedwa. Ndipo polembapo, ngati foni ikukusinthirani mawu a Chichewa n'kuikapo ake, monga imachitira ikaona mawu amene sikuwadziwa, lowani m'makonzedwe a kiyibodi, pa Text correction, muzimitse Auto-correction. Ine ndinalengezapo msonkhano wa "mama" m'malo mwa wa "mawa", ndipo anthu awiri anaimbira mayi anga kufunsa kuti aitanitsa msonkhano wa chiyani.

Kudzaza kwa foni kuli ndi chifukwa chodziwika. Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi malo okwana 16 kapena 32 GB, ndipo gawo lalikulu la malowo limakhala litadyedwa kale ndi mapulogalamu amene foniyo inabwera nawo. WhatsApp ikasiyidwa mmene inabwerera imatsitsa yokha zithunzi zonse zotumizidwa m'magulu, ndipo ikapeza Wi-Fi imatsitsa ndi mavidiyo omwe, kotero anthu 90 akamatumiza masitayelo a madiresi, makeke ndi magule a maukwati a eni, zonsezo zimagona m'foni mwanu ngakhale simunazitsegule. Lowani pa Settings, kenako Storage and data, ndipo pansi pa Media auto-download muchotse zizindikiro zonse kuti chinthu chizitsika pokhapokha inu mwachidina. Pomwepo pali Manage storage, pamene foni imakusonkhanitsirani mafayilo oposa 5 MB ndi amene azungulira kambirimbiri, ndipo muyambe kufufuta amenewo, chifukwa vidiyo imodzi imatenga malo a zithunzi zambiri. Musaike timapulogalamu tolonjeza kuyeretsa foni, poti tambiri timangobweretsa zotsatsa malonda n'kumadya batire. Memori khadi imathandiza ngati mwaigula pamalo odalirika, chifukwa zilipo zachinyengo zolembedwa malo ambiri kunja, zimene zimawononga zithunzi mukangodutsa malire ake enieni. Chimene ndikukuletsani kwambiri ndi kupereka foni kwa mwana kuti akuchotsereni zinyalala, chifukwa iye adzadina Clear data kapena kufufuta ma SMS onse, ndipo mmenemo ndi mmene muli umboni wa ndalama.

Bandulo nayo imatha pa zifukwa zomwezo, kuwonjezapo mavidiyo a pa Status ndi mapulogalamu amene amadzikonzanso okha kuseri kudzera pa Play Store, omwe muyenera kuwaikira kuti azidikira Wi-Fi. Kumbukiraninso kuti abale ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, imene singatsegule masamba ena a intaneti. Mukawatumizira linki ya mapu kapena fomu yoti alembetse mayina, kwa iwo sizitseguka, ndipo zikatseguka zimawadyera mayunitsi. Njira yopita kuholo muifotokoze m'mawu monga tinkachitira kale, potchula siteji yotsikira, mbali yokhotera, ndi chizindikiro chooneka ngati mjigo, sukulu kapena mtengo wa mango.

Nkhani ya ndalama ndiyo ndikufuna kukhalitsapo, popeza ndi imene imasiya abale osalankhulana zaka zambiri ukwati utatha. Ndalama za ukwati zisalowe mu nambala imene msungichuma amalandirira ndalama za geni yake kapena kulipirira madzi ndi magetsi. Kaya munthu ndi wokhulupirika chotani, ndalama zikasakanikirana m'thumba limodzi amasokonezeka, ndipo akasokonezeka anthu sanena kuti walakwitsa, amati wadya. Gulani ma SIM awiri atsopano, ya Airtel Money, imene imatsegulidwa poimba *211#, ndi ya TNM Mpamba, ya *444#, kuti aliyense azitumiza pa netiweki yake. Popeza kuyambira m'chaka cha 2018 SIM iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, dzina la pa akauntiyo lidzakhala la amene analembetsa, choncho alembetse ndi msungichumayo, ndipo dzinalo mulilengeze monga lalembedwera pachiphaso, osati la kwa amuna ake kapena la mwana wake limene timamuitanira. Ma SIM amenewa muwaike mu kafoni ka mabatani kolowa ma SIM awiri, kamene batire yake imakhala masiku angapo ndipo ana sakakhumbira chifukwa mulibe mavidiyo.

Anthu akamati anatumiza koma ndalama sizikuoneka, nthawi zambiri sakunama. Ena analonjeza pamsonkhano ndipo m'mutu mwawo lonjezolo linasanduka chopereka. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, choncho m'kope mukhale mizere iwiri yosiyana, wa zolonjezedwa ndi wa zolandiridwa, ndipo bajeti muziimangira pa wachiwiriwo. Ena anatumiza kwa mkwatibwi mwini, kwa mayi ake kapena kwa inu, poti ndiyo nambala imene anali nayo. Ena anachedwa kulemba nambala yachinsinsi, ndipo popeza njira yoimba ndi nyenyezi ija imadzidula yokha munthu akazengereza, ndalamazo sizinachoke n'komwe. Ambiri ndi amene anatumizira kwa ejenti: anapereka ndalama pamanja pakanyumba kake, ndipo uthenga umene unafika kwa msungichuma sunatchule dzina lawo, kotero ndalamazo zilipo koma zilibe mwini. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi. Kutumiza kulikonse kumakhala ndi nambala yake yapadera imene imalembedwa mu uthenga wotsimikizira. Wotumiza auze msungichuma dzina lake, kuchuluka kwa ndalama, tsiku ndi nambala imeneyo, ndipo msungichuma akaipeza m'foni mwake alembe m'kope tsiku lomwelo asanagone. Chithunzi cha uthenga chimene munthu watumiza pa WhatsApp si umboni wokwanira, chifukwa chikhoza kukhala chakale kapena chokonzedwa. Umboni ndi uthenga wofika m'foni ya msungichuma pamodzi ndi kukwera kwa ndalama za mu akaunti.

Kope limeneli likhale lenileni, la pepala, lachikuto cholimba. Achinyamata adzakuuzani kuti pali mapulogalamu owerengetsera ndalama, ndipo ngati alipo amene amawadziwa bwino angathe kumakoperamo, koma kope silitha batire, mbava za m'minibasi sizilifuna, ndipo amalume anu angathe kuliwerenga. Lilinso ndi ubwino wina umene foni ilibe. Foni imaona okhawo amene apereka ndalama, pamene ukwati wa kwathu umayendanso ndi thumba la chimanga, nkhuku ziwiri, ngolo ya nkhuni, chimera cha thobwa, ndi amayi amene adzachezera kumafuwa usiku wonse. Zonsezi zilembedwe ndi dzina la mwini wake. Pa chifukwa chomwecho sindikondwera ndi chizolowezi choika pagulu mndandanda wa mayina ndi ndalama zimene aliyense wapereka, wa K200,000 pamwamba ndi wa K2,000 pansi, chifukwa umasandutsa chithandizo kukhala mpikisano, ndipo wosauka amangotuluka m'gulu mwakachetechete. Sabata iliyonse lengezani mayina a amene thandizo lawo lafika, ndalama zonse zimene zasonkhanitsidwa ndi zimene zagwira ntchito, ndipo tsatanetsatane akhale m'kope limene aliyense wofuna angalione pamsonkhano.

Mu bajeti muikemo mzere wa ndalama zodulidwa potumiza ndi potapa, chifukwa zimaoneka zochepa pa ulendo umodzi koma zimaunjikana mpaka msungichuma kusowa pofotokozera. Kumene kungatheke, a holo, a tenti ndi a zoimbira muziwalipira kuchokera pafoni kuti patsale umboni, osaiwala kutenga lisiti. Akaunti za pafoni zili ndi malire a ndalama zimene zingasunge ndi kutumiza patsiku, choncho mufunsiretu malirewo, ndipo ndalama zikachuluka muzisamutsire kubanki. Ngati zina zikatapidwe kumudzi, muuzeni ejenti wa kumeneko kudakali masiku, poti ejenti wa pa tiredingi senta sakhala ndi ndalama zambiri pamanja. Mitengo imene mwauzidwa pafoni musaidalire nthawi yaitali. Amene ankakonza maukwati mu Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, anaona mitengo ikusintha m'masiku ochepa, ndipo amene anali ndi pepala lokhala ndi mtengo, tsiku ndi dipoziti ndiwo anali ndi pogwira.

Akuba nawo amadziwa nyengo ya maukwati. Khadi la ukwati likayamba kuzungulira pa Status lili ndi mayina ndi manambala, limafikanso kwa iwo. Uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" ambiri timauseka, koma umagwira anthu ndendende pa nthawi ngati ino, pamene munthu alidi ndi ndalama yoti atumize. Lengezani momveka kuti nambala ya ukwati sidzasintha, ndi kuti aliyense wolandira uthenga wakuti yasintha aimbire msungichuma amve mawu ake. Wina akaimba kuti watumiza ndalama molakwitsa ndipo abwezeredwe, msungichuma asabweze kanthu, koma aone kaye ndalama za mu akaunti, ndipo ngakhale zitalowadi, amuuze munthuyo kuti akadandaule ku kampani ya foni kuti ibweze yokha. Njira ina ndi yolanda akaunti ya WhatsApp. Mumalandira manambala 6 pa SMS, kenako uthenga ngati wochokera kwa mbale wakuti manambalawo ndi ake, afika kwa inu mwangozi, ndipo mumuuze. Mukamuuza akaunti yanu yapita, ndipo wakubayo amayamba kupempha ndalama m'gulu la ukwati m'dzina lanu. Maadimini onse alowe pa Settings, kenako Account, ayatse Two-step verification, yomwe imateteza akauntiyo ndi nambala ina yachinsinsi, lero lomwe. Nambala yachinsinsi ya ndalama isakhale chaka chobadwa, ndipo wogwira ntchito weniweni wa kampani sangakufunseni nambala imeneyo. Zikachitika dziwitsani kampaniyo ndi apolisi mwamsanga, ndipo bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira za mafoni ndi mauthenga m'dziko muno, limalandiranso madandaulo.

Za achimwene anu a ku Johannesburg, nthawi ya kumeneko ndi yofanana ndi ya kuno, choncho chovuta ndi maola awo a ntchito basi. Manambala onse a komiti muwatumizire oyamba ndi +265, mutachotsa 0 wa kutsogolo, kuti azitha kuimba ali kunja. Akamatumiza kudzera ku Mukuru kapena kampani ina yotere, dzina la wolandira likhale lofanana ndi la pachiphaso chilembo chilichonse, ndipo azinena kuchuluka kwa makwacha amene afike, osati marandi amene apereka, kuti kope lisakhale ndi ndalama za mitundu iwiri. Misonkhano ya pavidiyo imadya bandulo ya aliyense ndipo imangodukaduka, kotero ndi bwino kuwalembera mwachidule zimene mwagwirizana ndi kumva maganizo awo msonkhano usanachitike. Mudzaonanso kuti amene watumiza zambiri amayamba kulankhula ngati mwini ukwati. Muwalemekeze, koma kuchuluka kwa ndalama sikumusandutsa munthu nkhoswe.

Zina sizitheka pafoni n'komwe. M'mipingo yambiri ukwati umalengezedwa masabata atatu otsatizana usanadalitsidwe, ndipo akwati amayenera kulangizidwa kaye, choncho tsiku likhale lolembedwa m'buku la mpingo musanasindikize makadi kapena kusoketsa nsalu. Uthenga wa pa WhatsApp wa mkulu wa mpingo wakuti palibe vuto si kulembetsa. N'chimodzimodzi ndi holo, chifukwa m'miyezi ya chilimwe maukwati amachuluka, ndipo holo yosungitsidwa ndi mawu okha imatengedwa ndi amene wafika ndi ndalama.

Pofika madzulo a Lachisanu, ukwati uli mawa lake, mkwatibwi alandidwe foni. Ndinaonapo mkwatibwi ali kusaluni, mutu uli m'manja mwa womanga tsitsi, akulondolera dalaivala wa lole ya mipando amene anasochera, misozi ikuwononga zodzoladzola, pamene a komiti anali kuholo mafoni ali m'zikwama. Ntchito iliyonse ikhale ndi mwini wake, ndipo manambala a onse, ophika, a zoimbira, ojambula, madalaivala ndi a kutchalitchi, alembedwe papepala limodzi limene mulichulukitse, chifukwa foni ikathima manambala onse amathima nayo. Magetsi angathe kuzima usiku umenewo, choncho tchajani zonse masana pamodzi ndi pawabanki, ndipo popeza mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo, musasiye foni pa dashibodi ya galimoto, chifukwa ikatenthedwa imadzizimitsa yokha ndipo batire imawonongeka. Anthu mazana akasonkhana m'holo imodzi, aliyense akujambula ndi kutumiza, netiweki imalemedwa, ndipo nthawi zambiri SMS ndi kuimba wamba zimadutsa pamene WhatsApp yaima.

Pa perekani-perekani, tebulo la makashiya likhale ndi munthu mmodzi amene ntchito yake ndi foni ya ndalama yokha. Alendo ambiri masiku ano amabwera opanda ndalama zapamanja, kapena ali ndi ma K5,000 okhaokha, amene anayamba kuyenda m'chaka cha 2022, ndipo palibe amene amafuna kuponya pepala limodzi n'kukakhala pansi nyimbo isanafike pakati. Konzeranitu ndalama zing'onozing'ono kubanki sabata yomweyo, kuti mlendo azitumiza pa nambala ija, kashiya aone uthenga m'foni, kenako amupatse zoti akafupe akuvina. Wotsogolera mwambo asalengeze chopereka cha pafoni asanapatsidwe kapepala ndi kashiyayo, chifukwa maikolofoni imachititsa anthu kulonjeza zimene alibe.

Ukwati ukatha zithunzi zidzasefukira, ndipo ndi bwino kuti munthu mmodzi azisonkhanitse, zabwinozo n'kuzitumiza kwa akwati ngati Document kuti zisafooke maonekedwe. Pasanathe sabata komiti ikumane pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, msungichuma awerenge kope, ngongole zilipidwe, ndipo zotsala ziperekedwe kwa banja latsopanolo. Ndalama zonse zitapidwe m'ma SIM aja asanaponyedwe m'dirowa, chifukwa nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaitseka n'kudzaipereka kwa munthu wina, ndipo musanatseke gulu lija mulengeze kuti manambalawo sakulandiranso ndalama. Kope lija musalitaye. Mulipereke kwa mayi anu kapena kwa amalume omwewo, chifukwa mwana wa bambo amene anabweretsa ngolo ya nkhuni akadzamakwatira, ndi mmenemo mudzapeza dzina lawo ndi zimene anakuchitirani.